Theka la inchi limene limang'amba tayala la Camaro

Munthu wakhala akukonza Chevrolet Camaro ya 1968 kwa zaka zitatu. Injini ikulira bwino, penti ikuwala, mipando yasokedwanso. Chatsala ndi malimu ndi matayala basi, ndipo iye akufuna otambalala, oti kumbuyo kwa galimoto kudzaze. Waitanitsa, katundu wafika, mabowo a mabawuti agwirizana, wamanga manati, watsitsa jeke. Ili chiimire, galimotoyo ikukoma m'maso. Koma atangotuluka pageti n'kuponda bampu yoyamba, kumbuyo kukumveka kuti khwee, kenako kafungo ka mphira. Potsika kukayang'ana akupeza kuti m'mbali mwa tayala latsopano mwachekeka mzere, ndipo m'mphepete mwa madigadi penti yasweka.

Zoterezi zimagwera anthu ambiri ku America amene amasunga magalimoto a m'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, aja amawatcha kuti muscle car: Camaro, Chevelle, Pontiac GTO, Ford Mustang, Dodge Charger, Plymouth Barracuda ndi anzawo. Kawirikawiri vuto silikhala kukula kwa limu kapena kwa tayala. Limakhala kanambala kena kamene wogula sanafunse, kapena kamene anangokopera kwa mnzake wa galimoto yofanana ndi yake. Kanambalako amakatcha backspacing.

Mukatembenuza limu n'kuyang'ana kumbuyo kwake, pakati pamakhala malo osalala, pamene pali mabowo a mabawuti. Pamenepo ndi pomwe limu imakhalira pa habu, chitsulo chozungulira chimene chili ndi mabawuti. Backspacing ndi mtunda wochokera pamalo osalalawo kukafika kumlomo wa limu wa mkati, uja umayang'ana kunsi kwa galimoto. Kuyeza kwake n'kosavuta. Gonekani limu chafufumimba, pingasani chitsulo chowongoka pamwamba pa mlomo wake, kenako tsitsani tepi kuchoka pa chitsulocho mpaka ikagunde pamalo osalala aja. Zimene tepi yawerenga ndiyo backspacing, ndipo ku America amaitchula m'mainchesi. Nambalayo ikakula, limu yonse imalowa mkati, kuyandikira masipulingi, mashoko ndi chesisi. Ikachepa, limu imatulukira kunja, kuyandikira mlomo wa madigadi.

Ambiri a ife tinazolowera nambala ina, imene imadindidwa pa malimu a magalimoto a ku Japan ndi ku Ulaya, monga ET45 kapena ET35. Imeneyo ndi offset. Imanena nkhani yomweyo koma imayambira pena: imayeza kuchoka pakatikati pa limu kukafika pamalo osalala aja, ndipo imakhala m'mamilimita. Malowo akakhala pakati penipeni, offset ndi 0. Akasendera chakunja, kumbali ya msewu, offset ndi ya pulasi. Akasendera mkati, ndi ya mayinasi, ndipo limu imaoneka yakuya ngati mbale.

Pamene anthu amasocherera ndi posintha nambala imodzi kuti ikhale inayo. Limu yolembedwa 15x8 (15 ndi kukula kwa bwalo lake, 8 ndi kutambalala, zonse m'mainchesi) si yotambalala mainchesi 8 kuchoka kumlomo wina kufika kumlomo wina. Mainchesi 8 amenewo ndi a mkati, pamene tayala limakhala. Mukaphatikiza milomo iwiri ija, limuyo imakhala pafupifupi mainchesi 9. Choncho pakati pake ndi pa 4.5, osati pa 4. Limu ya 15x8 ya offset 0 ili ndi backspacing ya 4.5, ndipo ya 15x7 ya offset 0 ili ndi 4. Masamu ake ndi awa: onjezani inchi imodzi pa kutambalala kolembedwa, gawani pawiri, kenako onjezani offset mutaigawa ndi 25.4. Woiwala inchi ya milomoyo amaphonya ndi theka la inchi, ndipo pa magalimoto awa theka la inchi ndilo limasiyanitsa tayala loyenda mwakachetechete ndi tayala lodyedwa ndi chitsulo.

Palinso chinthu china chimene chimabisala apa. Backspacing payokha siikuuzani kuti limu itulukira kunja bwanji. Malimu awiri, wina wa mainchesi 7 wina wa 8, onse a backspacing ya 4.25, amalowa mkati mofanana ndendende, koma wa 8 uja amatulukira kunja inchi yathunthu kuposa mnzake. Ndiye munthu akakuuzani kuti pa Mustang pamakwana 4.25, funso loyamba n'lakuti: pa limu yotambalala bwanji?

Chifukwa chake malo ndi ochepa

Magalimoto amenewa sanapangidwire matayala a masiku ano. Pontiac GTO ya 1964, imene ambiri amati ndiyo inatsegula njira, inali ndi injini yaikulu ya V8 ya ma cubic inch 389, koma inkayenda pa matayala a 7.50x14, omangidwa pa malimu a mainchesi 6. Gawo logunda pansi silinkafika n'komwe mainchesi 6. Anali matayala a mtundu wakale wa bias-ply, aatali m'mbali, opyapyala. Akatswiri a ku Detroit ankatenga thupi la galimoto wamba ya banja n'kuikamo injini yaikulu, ndipo nyumba ya tayala inkatsala momwe inalili pa galimoto yopita nayo kumsika.

Matayala anayamba kutambalala chakumapeto kwa zaka khumi zimenezo, Firestone itabweretsa Wide Oval ndipo Goodyear itabweretsa Polyglas. Pa nthawiyo kukula kwa tayala kunkalembedwa ndi chilembo ndi nambala. Chevelle SS ya 1970 inkabwera ndi F70-14 pa malimu a 14x7. Camaro Z/28 ya 1969 inali ndi E70-15. Mustang Boss 302 ya 1969 inalandira F60-15, ndipo Ford yeniyeniyo inachita kupinda milomo ya madigadi kuti tayalalo likwane. Mu 1970 Plymouth AAR 'Cuda ndi Dodge Challenger T/A zinatuluka ndi matayala osiyana, E60-15 kutsogolo ndi G60-15 kumbuyo, ndipo kumbuyo kwa galimoto anakukweza pang'ono. F60-15 ija, imene pa nthawiyo inkaoneka yotambalala zedi, m'mawerengedwe a lero ndi pafupifupi 235/60R15, pamene 235 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Lero anthu akufuna kulowetsa 275 kapena 295 m'nyumba imene 235 inkachita kupemphera malo.

Achinyamata a m'ma 1970 anali ndi njira yawoyawo. Ankagula malimu akuya a backspacing yochepa, tayala n'kutulukira kunja kwa thupi, kenako n'kukweza matako a galimoto ndi mashoko opopa mpweya kuti madigadi asaligunde. Zithunzi za nthawi imeneyo zimasangalatsa ndithu. Koma galimoto yotero imapepuka kumbuyo pokhota ndi pomanga mabuleki, ndipo paipi ya mpweya ikangophulika thupi lonse limagwera pa matayala. Ine sindingalimbikitse munthu kubwerera kumeneko.

Chimene chimatchinga tayala chimasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imakomera.

Camaro ndi Firebird za 1967 mpaka 1969 zili ndi masipulingi a zitsulo zazitali kumbuyo, a mtundu wa pa lole. Mkati tayala limakumana ndi khoma la nyumba yake, mashoko ndi sipulingi, pamene kunja limakumana ndi mlomo wa madigadi. Malowo ndi opanikizika, makamaka pa za 1967 ndi 1968, chifukwa thupi la 1969 linasinthidwa ndipo limapatsa mpata wochulukirapo. Magalimoto a Chrysler, aja eni ake amawatcha Mopar, nawonso ali ndi masipulingi otere kumbuyo. Pa Charger ya 1968 mpaka 1970 nyumba ya tayala ndi yaikulu ndithu, koma pa Dodge Dart sipulingi ndiyo imayamba kukana tayala lisanafike pakhoma. N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali pakhala pakugulitsidwa zipangizo zosunthira masipulingi amenewa mkati.

Chevelle, GTO, Oldsmobile 442 ndi Buick Skylark za 1964 mpaka 1972 zinapangidwa mwina. Zili ndi chesisi yathunthu, thupi n'kukhala pamwamba pake pa timphira, ndipo kumbuyo zili ndi masipulingi opotana. Palibe sipulingi yaitali yodutsa m'mbali mwa tayala, choncho malo amapezeka. Pa Chevelle za 1968 mpaka 1972 anthu ambiri amakwanitsa kuika 275/60R15 kumbuyo pa limu ya 15x8. Komabe thupi lokhala pa timphira limatha kusendera mbali imodzi, ndipo si zachilendo kupeza kuti kumanzere kuli mpata wolowa zala ziwiri pamene kumanja kukulowa chala chimodzi.

Mustang ili ndi vuto lake kutsogolo. Control arm ya pamwamba, mkono wachitsulo wogwirizira tayala, pamodzi ndi ball joint yake, mfundo imene tayala limakhoterapo, zimakhala pafupi kwambiri ndi mlomo wa mkati wa limu. Pa limu ya mainchesi 15, backspacing ikangopitirira pang'ono mlomowo umakhula chitsulo. Chodabwitsa n'chakuti limu ya mainchesi 17 imatha kulowa mkati kwambiri kuposa ya 15, chifukwa mlomo wake umadutsa pamwamba pa ball joint ija m'malo mogundana nayo. Ndiye nambala imene yakwana pa 17 musaitengere pa 15, ngakhale galimoto ikhale yomweyo.

Kutsogolo kumavuta pa magalimoto onsewa chifukwa tayala silingokwera ndi kutsika, limakhotanso. Likhoza kukhala bwinobwino galimoto ikuyenda chowongoka, koma mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, ngodya yake ya kumbuyo n'kukhula chesisi, ya kutsogolo n'kugwira m'munsi mwa madigadi. Choipitsitsa ndi pamene mukukhota uku mukukwera kachitunda kolowera pageti, tayala litakhota komanso litakwera nthawi imodzi.

Galimoto imene yakhala zaka zoposa 50

Makampani ogulitsa malimu amasindikiza ndandanda zonena kuti galimoto yakutiyakuti imafuna backspacing yakutiyakuti. Ndandandazo n'zothandiza poyambira, ndipo sindikuzinyoza. Koma zimanena za galimoto monga inatulukira ku fakitale, pamene imene ili m'galaja mwanu yadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Taganizirani za difu, ekiselo yonse yolumikiza matayala awiri a kumbuyo. Pa Mustang, difu ya 1967 mpaka 1970 ndi yaitali ndi mainchesi pafupifupi 2 kuposa ya 1965 ndi 1966. Pa Chevelle, ya 1968 mpaka 1972 ndi yaitali ndi pafupifupi inchi imodzi kuposa ya 1964 mpaka 1967. Ngati wina zaka 30 zapitazo anaphwanya difu n'kukatola ina kumalo ogulitsa magalimoto owonongeka, habu iliyonse inasendera kunja, ndipo ndandanda ija siikudziwa zimenezo. Ambiri anaikamo difu ya Ford 9-inch yodulidwa mwa kufuna kwawo. Mabuleki nawonso amasintha zinthu. Kuchotsa a dramu n'kuika a disiki nthawi zambiri kumakankhira limu kunja pang'ono, ndipo caliper yaikulu, chitsulo chopana disiki, imafuna mpata kuseri kwa masipoko, umene backspacing siinenapo kanthu. Zitsulo zotsitsira galimoto kutsogolo, zotchedwa drop spindle, zimabweretsa mutu wa tie rod, ndodo yokhotetsa tayala, pafupi ndi mlomo wa limu kapena ndi tayala. Onjezani masipulingi otopa, timphira tophwanyika, ngozi imene inakonzedwa mwachangu, ndi madigadi atsopano owotcherera amene sanafanane ndendende ndi akale. Ngakhale ku fakitale komweko, magalimoto a nthawi imeneyo sankatuluka ofanana mpaka pa milimita.

Pa chifukwa chimenechi yankho limachokera pa galimoto yeniyeniyo, ndipo ntchito yake ndi ya tepi, chitsulo chowongoka, ndi chingwe chomangirira nati kunsonga.

Kwezani galimoto, iikeni pa zochirikiza zolimba, chotsani tayala. Kenako, ndipo apa ambiri amadumpha, kwezani difu ndi jeke mpaka ifike pamene imakhala galimoto ikaima pansi. Difu ikalendewera, zonse zimene muyeze zikhala zabodza. Gonekani chitsulo chowongoka pankhope pa dramu kapena disiki, pamene limu imakhala. Kuchoka pa chitsulocho yezani kulowa mkati mpaka pa chinthu choyamba chimene tayala lingagunde: sipulingi, shoko, khoma, paipi ya ekizozi, chingwe cha handibuleki. Musayeze pamalo amodzi. Tsatirani mzere wonse umene mimba ya tayala idzadutse, kutsogolo, pamwamba ndi kumbuyo. Mukatero lendewetsani chingwe chija kuchoka mkati mwa mlomo wa madigadi, n'kuyeza kuchoka pa chitsulo kufika pa chingwe. Bwerezani zonsezo mbali inayo, ndipo mugwiritse ntchito manambala a mbali yopanikizika.

Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Mkati mwapeza mainchesi 6, kunja 5.25. Malo onse ndi 11.25. Tayala la 255 ndi lotambalala mainchesi pafupifupi 10, ndiye patsala 1.25 yoti igawidwe mbali ziwiri. Pakati pa malowo pali mainchesi 0.375 chamkati mwa nkhope ya habu, kutanthauza offset ya mamilimita pafupifupi 10 a pulasi. Pa limu ya mainchesi 8, backspacing yoyenera ndi 4.5 kuphatikiza 0.375, yomwe ndi 4.875. Mukagula ya 5, mkati mutsala pafupifupi theka la inchi, kunja pafupifupi 0.75. Mukagula ya 4.75 manambalawo asinthana. Mukagula ya 4.5, imene ili yofala kwambiri pamsika, kunja kutsala kota ya inchi yokha. Mukagula ya 4, tayala lapitirira mlomo wa madigadi, ndipo mwafika pa nkhani ya munthu wa Camaro uja.

Mpata wotsalawo si wongokongoletsa. Pokhota mwamphamvu difu imasendera cham'mbali, makamaka pa masipulingi aatali aja, ndipo khoma la tayala nalo limapindika. Tayala limodzi likakwera pa bampu lina lili pansi, mutu wa lokweralo umapendekera mkati. Theka la inchi mbali iliyonse ndi pochepetsetsa, ndipo kwa tayala la khoma lalitali la mainchesi 15 ine ndingafune kupitirira pamenepo. Mukakakamizika kusankha pakati pa manambala awiri, tengani backspacing yokulirapo. Limu yolowa mkati mopitirira pang'ono mukhoza kuikankhira kunja ndi sipesa yopyapyala, kachitsulo koika pakati pa limu ndi habu. Limu yotulukira kunja ilibe mankhwala. Komanso tayala likakhudza khoma losalala la mkati limangopukuta penti, pamene mlomo wa madigadi ndi wakuthwa, umacheka.

Pali zipangizo zopangidwira ntchito imeneyi, monga WheelRite ya kampani ya Percy's, imene mumamanga pa habu n'kupinda kawaya mofanana ndi tayala, kenako n'kuzunguza kuti muone pamene kagunde. Wopanda chipangizocho akhoza kudula katoni kapena pulayiwudi m'maonekedwe a tayala. Njira ina yabwino ndi kubwereka limu yokhala ndi tayala imene mukudziwa manambala ake, kuimanga, n'kuyeza mipata yotsala. Kuchokera pamenepo masamu amakhala ongochotsera ndi kuphatikiza.

Tayala nalo lili ndi zake

Chimene chimagunda chitsulo kawirikawiri si limu koma mimba ya tayala, imene imatumphukira kunja kwa mlomo wa limu. Pa 275/60R15, nambala ya 275 ndi kutambalala kwa mimbayo m'mamilimita, osati kwa gawo logunda pansi. M'mainchesi ndi 10.8. Pa limu ya 8, imene ndi 9 mukaphatikiza milomo, tayalalo limatumphuka pafupifupi 0.9 mbali iliyonse. Ndipo 275 imeneyo inayezedwa pa limu ya kutambalala kwinakwake. Mukalimanga pa limu yotambalala ndi theka la inchi kuposa pamenepo, mimba imakula ndi pafupifupi 0.2. Makampani nawonso amasiyana: 275 ya BFGoodrich siifanana ndendende ndi 275 ya Mickey Thompson. Wanzeru amayang'ana manambala enieni a tayala limene akufuna kugula.

Kutalika nako kumaiwalika. Nambala ya 60 ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi 60 peresenti ya 275, yomwe ndi mamilimita 165. Makoma awiri kuphatikiza limu ya mamilimita 381 zikupereka 711, kapena kuti mainchesi 28. Matayala amene magalimoto ambiriwa anabadwa nawo anali a mainchesi pafupifupi 26. Tayala la 28 limadzaza nyumba mokongola, koma limayandikira ngodya za m'munsi za madigadi, ndipo limasintha kayendedwe. Difu ya magiya a 3.55 imayamba kukoka ngati ya 3.30, ndipo sipidomita imaonetsa liwiro lochepa ndi pafupifupi 7 peresenti kuposa lenileni, mpaka mutasintha kagiya kake ka m'giyabokosi. Amene amasamukira ku malimu a 17 amakonda 245/45R17 chifukwa kutalika kwake, mainchesi 25.7, kuli pafupi ndi kwa tayala loyambirira.

Kusamukira ku 17 kapena 18 si nkhani ya maonekedwe okha. Matayala abwino kwambiri a masiku ano sapezeka kwenikweni m'masaizi a 14 ndi 15, ndipo mabuleki akuluakulu salowa mu limu yaing'ono. Kwa amene akufuna galimoto ikhale monga inalili, makampani monga Coker Tire ya ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee, amagulitsabe matayala opangidwa m'maonekedwe akale. Ineyo mtima wanga uli pa 15. Charger ya 1969 pa tayala la khoma lonenepa imaoneka yokhazikika, pamene pa limu ya 20 imaoneka ngati yavala nsapato zobwereka. Koma izi ndi zokonda za munthu, ndipo wokonda kuthamanga m'makona ali ndi zifukwa zomveka zosankhira mwina.

Zimene si zokonda za munthu ndi zimene backspacing imachita ku chiwongolero. Tayala la kutsogolo limakhotera pa mzere wongoganizira umene umadutsa mu ball joint ya pamwamba ndi ya pansi n'kukagunda pansi. Mtunda wochoka pamene mzerewo wagunda kufika pakati pa tayala amautcha scrub radius. Mukachepetsa backspacing, pakati pa tayala pamasendera kunja ndipo mtundawo umakula. Zotsatira zake mumazimva m'manja: chiwongolero chimalemera, dzenje lililonse limachigwedeza, galimoto imatsatira mizere ya mumsewu, ndipo mukamanga mabuleki tayala limodzi lili pa mchenga imakokera mbali. Mabering'i nawo amasenza katundu mopendekera n'kutha msanga. Amene anaikapo malimu otulukira kunja pa Hilux kapena Land Cruiser akudziwa zimene ndikunena. Limu ikhoza kukwana osagunda paliponse koma n'kuiwononga galimoto kayendedwe.

Za mabowo ndi manati

Izi ndi zachidule koma zimapweteketsa anthu. Magalimoto a General Motors amene tatchulawa, monga Camaro, Chevelle ndi GTO, ali ndi mabawuti asanu pa mzere wozungulira wa mainchesi 4.75, omwe ndi mamilimita 120.65. Mustang za V8, Charger, Challenger ndi magalimoto a kampani ya American Motors (AMC) ali pa 4.5, omwe ndi 114.3. Mustang zoyambirira za masilinda 6 zinali ndi mabawuti anayi, ndipo Dart, Valiant ndi Duster mpaka 1972 zinali ndi asanu pa mainchesi 4. Malimu a BMW a 5x120 amalowa pa Camaro, koma kusiyana kwa mamilimita 0.65 kuja kumachititsa kuti manati asakhale pakati pa mabowo, n'kumakankha mabawuti cham'mbali. Muyeso wa 114.3 ndi womwe uli pa Toyota Mark X, Camry ndi RAV4 zimene zadzaza m'misewu ya kwathu, ndipo wina angaganize kuti malimu ake angakwane pa Mustang yakale. Mabawuti agwirizana, inde. Koma limu ya 17x7 ya ET45 ili ndi backspacing ya pafupifupi 5.8, pamene Mustang ya 1965 imafuna cha m'ma 4.25, ndipo bowo lapakati la Toyota, la mamilimita 60.1, nthawi zambiri limakana kulowa pa habu ya Ford.

Manati amayenera kugwirizana ndi limu. Malimu ambiri amafuna nati yosongoka, koma ena otchuka akale, monga Cragar S/S imene inatuluka mu 1964, amafuna nati ya khosi lalitali lolowa m'bowo pamodzi ndi washala yake. Nati iyenera kugwira bawuti kwa utali wosachepera kunenepa kwa bawutiyo, choncho mukaika sipesa kapena limu yochindikala ya aluminiyamu mungafunike mabawuti aatali. Ndipo amene akugwira Mopar ya 1970 kapena ya m'mbuyo mwake ayang'ane kaye nsonga za mabawuti a kumanzere. Akaona chilembo cha L, manati ake amamasuka mukawazunguza kumbali imene manati wamba amamangira. Mabawuti ambiri athyoka m'manja mwa amakaniko amene ankaganiza kuti ndi dzimbiri chabe.

Nanga tayala limene mukulifuna likakanitsitsa? Njira yopepuka ndi kupinda mlomo wa madigadi kuti ugone mkati. Kale ankalowetsa chibonga cha baseball pakati pa tayala ndi madigadi n'kukankha galimoto pang'onopang'ono. Lero pali chipangizo chomangirira pa habu, ndipo penti amayamba aitenthetsa kuti isasweke. Mpata umene umapezeka ndi wochepa, mwina kota kapena theka la inchi. Njira yaikulu ndi imene amaitcha mini-tub: kudula khoma la mkati, kuwotchererapo lina lotambalala, kusuntha mashoko ndi masipulingi, nthawi zina kuchepetsa thanki ya mafuta ndi mpando wa kumbuyo. Zipangizo za kampani ya Detroit Speed zimalola Camaro ya m'badwo woyamba, ya 1967 mpaka 1969, kunyamula tayala la 315 kapena 335. Ntchitoyo ikachitika bwino imaoneka ngati ya ku fakitale.

Pano ndili ndi maganizo anga. Camaro wamba imene inadyedwa kale ndi dzimbiri, imene pansi pake pakuwotchereredwa zitsulo zatsopano, mwini wake aidule mmene akufunira, chifukwa waipulumutsa. Koma Z/28 yeniyeni, Boss 302, kapena 'Cuda imene idakali ndi zitsulo zake zobadwa nazo, kuidula chifukwa cha tayala n'kutaya chinthu chimene sichidzapangidwanso. Chimandiwawa kwambiri ndi pamene chopukusira chikulowa m'madigadi osati chifukwa mwiniwake anakonza zotero, koma chifukwa malimu anafika ndi nambala yolakwika ndipo wogulitsa sakulandira katundu amene wamangidwapo kale tayala. Malimu a zidutswa ziwiri kapena zitatu amatha kupangidwa ndi backspacing imene inu mwatchula, koma opangidwa mwa oda chotero sabwezedwa ngakhale pang'ono.

Malimu akafika, musathamangire kumangitsa matayala. Yambani mwayeza backspacing ya limu iliyonse ndi tepi, muone ngati ndi imene munaitanitsa. Mangani imodzi yopanda tayala kutsogolo, izunguzeni ndi dzanja mukumvetsera ngati ikukhula caliper, pindani chiwongolero mbali zonse ziwiri. Chitani chimodzimodzi kumbuyo. Zikakhala bwino mangitsani tayala limodzi lokha, muliyese pa habu zonse zimene lidzakhalepo, difu itakwezedwa mpaka pa timphira toletsa. Matayala onse akalowa, pakani choko m'mbali mwake, kwezani anthu awiri kumpando wa kumbuyo, thanki ili yodzaza, n'kuyenda pang'onopang'ono pamsewu wa mabampu ndi makona. Pobwerako yang'anani pamene choko chafufutika.